Zida zowedzera nsomba: zimene a ku Kasanda ayenera kudziwa asanagule

Mwezi wa Malici ukafika, ciletso ca boma copha nsomba cimatha, ndipo anthu okonda kuwedza a m'komboni ya Kasanda ndi madera ena a mzinda wa Kabwe amayamba kutulutsa ndodo ndi mbedza zao. Ena amawedza kuti apeze ndiwo, pamene ena amatenga kuwedza ngati masewera opumulira kumapeto kwa sabata.

Ambiri mwa amene angoyamba kumene masewerawa amataya ndalama pa zida zosagwirizana. Munthu amagula ndodo yaikulu, cingwe copyapyala ndi mbedza yosayenera kukamwa kwa nsomba imene akufuna, kenaka n'kubwerera kunyumba cimanjamanja.

Mfundo yaikulu pa nkhaniyi ndi yakuti cida sicisankhidwa poona mtengo wake kapena kunyezimira kwake m'sitolo. Mwini wake ayenera kuyamba wadziwa madzi amene akupitako ndi mtundu wa nsomba imene akufuna kugwira. Akatero, ndodo, kawilo, cingwe ndi nyambo zimasankhidwa kuti zigwirizane.

Madzi ozungulira Kabwe

Anthu a ku Kasanda ofuna kuwedza amatuluka m'tauni. Kum'mwera cakum'mawa kuli damu la Mulungushi, limene linatsegulidwa mu 1925 kuti lizipereka magetsi ku mgodi wa Broken Hill. Kum'mawa kulinso damu la Mita Hills pa mtsinje wa Lunsemfwa. Kumadzulo kuli dambo lalikulu la Lukanga, limene madzi ake amalumikizana ndi mtsinje wa Kafue.

Madzi amenewa ndi osiyana. Pa damu pamakhala malo akuya ndi miyala, ndipo munthu afunika kuponya patali. Ku Lukanga madzi ndi osaya, odzala ndi bango ndi udzu, conco cingwe cimakodwa kawirikawiri.

Nsomba nazonso zimasiyana kadyedwe. Mitundu yambiri ya mphende, imene m'tauni amaicha kuti bream, ili ndi kamwa laling'ono ndipo imadya zomera ndi tizilombo. Nembwe ili ndi kamwa lalikulu ndipo imasaka tinsomba. Mlamba umadya pansi pa madzi ndipo umapeza cakudya mwa fungo ndi ndevu zake.

Nsomba ya mano akuthwa yochedwa mceni kapena tigerfish, imene imakopa alendo ambiri, imapezeka mu Zambezi, m'nyanja ya Kariba ndi mu Luangwa. Mu Kafue, kumtunda kwa cigwa ca Kafue Gorge, si kwao kwa mceni. Motero munthu wopita ku Lukanga safunika kugula zida zolemera za mceni.

Ndodo

Kuyambira kale anthu akhala akuwedza ndi nsungwi kapena bango, cingwe atacimanga kunsonga. Njira imeneyi ikugwirabe nchito pa mphende za m'mphepete mwa madzi. Vuto lake ndi lakuti nyambo siifika patali, ndiponso nsomba yaikulu ikakoka palibe cingwe cina coti munthu aitayire.

Ndodo za m'sitolo zimapangidwa kwambiri ndi fibreglass kapena graphite. Ya fibreglass ndi yolemererapo, yochipa ndiponso yopirira. Imapirira kugwa ndi kupanikizidwa m'minibasi kapena panjinga. Ya graphite ndi yopepuka ndipo imaonetsa msanga nsomba ikagunda nyambo, koma imathyoka mosavuta ikamenyetsedwa pa mwala.

Ndodo ya graphite imadutsitsa magetsi. N'coopsa kuiimika pansi pa mawaya a magetsi kapena kuigwira pamene mphezi zikung'anima.

Kwa munthu wofuna ndodo imodzi yogwira nchito zambiri, yotalika mamita 1.8 kufika 2.1 ndiyo yoyenera. Woimirira m'mphepete mwa damu angasankhe yofika mamita 2.4 kapena 3 kuti aziponya patali, pamene wowedzera m'bwato amamasuka ndi yaifupi.

Pafupi ndi cogwirira ca ndodo pamalembedwa manambala oonetsa mphamvu ya cingwe ndi kulemera kwa nyambo zimene ndodoyo inapangidwira. Manambala amenewa ndiwo amatsogolera pogula zida zotsalazo.

Wogula ndodo yogwiritsidwapo kale nchito ayenera kuyang'ana timphete todutsamo cingwe. Kamphete kong'aluka kamadya cingwe pang'onopang'ono mpaka cimaduka nsomba itakodwa. Kupisa thonje m'kampheteko kumathandiza, cifukwa thonje limakodwa pamene pali mng'alu.

Kawilo kokulungira cingwe

Kawilo kameneka, kamene m'masitolo amakacha kuti reel, kamasunga cingwe, kamacitaya poponya ndipo kamacikulunga pobweza. Mtundu wosavuta kuphunzira ndi wa spinning, umene umalendewera kunsi kwa ndodo. Mtundu wa baitcaster, wokhala pamwamba pa ndodo, umaponya molunjika koma umasokoneza cingwe m'manja mwa munthu wosazolowera.

Kukula kwa kawilo ka spinning kumalembedwa ndi manambala. Ka 1000 kufika 2500 n'kokwanira pa mphende. Ka 3000 kapena 4000 kamasunga cingwe cokulirapo, coyenera mlamba, nembwe ndi mceni.

Mbali yofunika kwambiri ya kawilo ndi buleki yake, yochedwa drag. Nsomba ikakoka mwamphamvu, bulekiyo imalola cingwe kutuluka pang'onopang'ono m'malo moti ciduke. Awedzi odziwa amaimanga kuti cingwe ciziyamba kutuluka mphamvu yokoka ikafika pa gawo limodzi mwa magawo atatu kapena anayi a mphamvu ya cingweco.

M'sitolo, wogula angayese bulekiyo mwa kukoka cingwe ndi dzanja. Cikatuluka mosalala, kawilo ndi kabwino. Cikamatuluka modukizadukiza, cidzaduka tsiku limene nsomba yaikulu idzakodwa.

Fumbi ndi mcenga ndizo zimaononga kawilo msanga. Sikayenera kuikidwa pansi pa dothi, ndipo pambuyo pa ulendo kafunika kupukutidwa ndi kudonthezedwa mafuta pang'ono.

Cingwe

Cingwe ca nayiloni ndico cofala ndiponso cochipa. Cimatamuka, ndipo kutamukako kumateteza kuti cisaduke nsomba ikagwedeza mutu mwadzidzidzi. Koma dzuwa limaciononga, conco cimene cakhala nthawi yaitali padzuwa pamsika cingakhale cofooka ngakhale cisanalowe m'madzi. Ca pa kawilo ndi bwino kucisintha caka ndi caka.

Cingwe colukidwa, cochedwa braid, n'copyapyala koma colimba ndipo sicitamuka. Cimathandiza pokoka nsomba m'maudzu ngati a ku Lukanga. Mtengo wake ndi wokwera, cimaperepeseka pa miyala yakuthwa, ndipo cimaceka cala ca munthu amene wacikulunga m'manja n'kukoka.

Nambala yolembedwa pa paketi imaonetsa kulemera kumene cingwe cingapirire cisanaduke. Pa mphende, ca makilogalamu 3 kufika 5 n'cokwanira. Pa mlamba ndi mceni pamafunika ca makilogalamu 7 kufika 10. Cingwe cokhuthala mopitirira sicifika patali ndipo nsomba zimaciona m'madzi oyera.

Nsomba za mano monga mceni ndi pike ya mu Kafue zimadula nayiloni nthawi yomweyo. Pa nsomba zimenezi pamaikidwa kawaya kakafupi pakati pa cingwe ndi mbedza.

Cingwe cimaduka kwambiri pa mfundo. Kunyowetsa mfundo ndi madzi asanaikoke kumaletsa kuti nayiloni ipse ndi kukhulana. Pokulunga pa kawilo, cingwe ciyenera kulekezera mamilimita 2 kapena 3 cisanafike pa mlomo wake.

Mbedza ndi nyambo

Manambala a mbedza amasokoneza anthu ambiri. Pa mbedza zazing'ono, nambala ikakwera mbedza imacepa, kotero ya 10 ndi yaing'ono kuposa ya 6. Pa zikuluzikulu zolembedwa 2/0 kapena 5/0, nambala ikakwera mbedza imakula. Mphende imafuna mbedza ya 6 kufika 10, pamene mlamba umafuna ya 2/0 kupita m'mwamba.

Nyambo zacilengedwe zikadali patsogolo pa nsomba zambiri. Nyongolotsi, inswa, ziwala ndi nsima yokanda zimakopa mphende. Mlamba umakonda ciwindi ca nkhuku kapena nthuli ya nsomba, cifukwa fungo lake limafika patali.

Nyambo zocita kupanga ndi za nsomba zosaka zinzake. Spinner ili ndi kacitsulo kamene kamazungulira ndi kuphetima ikamakokedwa, ndipo nembwe imaigwira poiyesa kansomba kothawa. Ina yooneka ngati supuni imagwedezeka uku ndi uku ndipo imakopa mceni. Zimenezi sizigwira nchito zikangokhala pamalo amodzi. Zimafuna kuponya ndi kubweza mobwerezabwereza.

M'madzi oyera, nyambo ya mtundu wa siliva imafanana ndi tinsomba tenitweni. M'madzi amatope a pambuyo pa mvula, yowala kwambiri kapena yogwedeza madzi ndiyo imene nsomba imaipeza msanga. Woyamba kumene safunika bokosi lodzala. Ma spinner awiri kapena atatu osiyana kukula ndi okwanira.

Kanthu kakang'ono koopsa

Pa zida zonsezi, cimene cimakhudza kwambiri anthu a ku Kasanda ndi kacolemetsa komiza nyambo. Zolemetsa zambiri zimapangidwa ndi mtovu, citsulo cimene ambiri amacidziwa kuti lead.

Mgodi wa mtovu ndi zinki wa ku Kabwe unatsekedwa mu 1994, patapita zaka pafupifupi 90 ukugwira nchito. Unasiya mtovu m'dothi la makomboni oyandikana nao monga Kasanda, Makululu ndi Chowa. Mu 2019 bungwe la Human Rights Watch linatulutsa lipoti lofotokoza mmene vutoli likupwetekera ana a m'maderawa.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene ndi wosavulaza. Mtovu umaononga ubongo wa mwana amene akukula ndipo umacepetsa luso lake la kuphunzira. Banja limene likulimbana kale ndi fumbi la mtovu siliyenera kuonjezerapo wina wocokera m'thumba la mbedza.

Mtovu umasungunuka pa madigiri 327, kutentha kumene mbaula ya makala imafikapo. N'cifukwa cake anthu ena amaphwanya mabatire akale a galimoto n'kuumba okha zolemetsa. Utsi ndi fumbi la nchito imeneyi zimalowa m'mapapo ndipo zimatsalira pamalo ophikira. Cizolowezi cina coipa ndi kufinya kamtovu pa cingwe ndi mano m'malo mogwiritsa nchito pulayala.

Mtovu wotayika m'madzi umaphanso mbalame zimene zimaumeza pamodzi ndi timiyala. Dziko la Britain linaletsa zolemetsa za mtovu za masaizi ambiri mu 1987, mbalame za m'madzi zochedwa swan zitafa zambiri.

Njira zina zilipo. Nati yacitsulo ya m'galaji kapena kamwala komangidwa bwino kamamiza nyambo mokwanira. Citsulo wamba n'copepukirapo kuposa mtovu, conco nati imafunika yokulirapo pang'ono. M'masitolo ena mumapezeka zolemetsa za tungsten, ngakhale kuti n'zodula.

Nyongolotsi nazo zifunika kusamala. Kutuma ana kukakumba nyambo m'dothi la ku Kasanda ndi kuwaika pa ngozi ya fumbi lomwelo. Ndi bwino kukumba nyongolotsi pamalo onyowa a kumene munthu akukawedza, kutali ndi mgodi, ndi kusamba m'manja ndi sopo asanagwire cakudya.

Lamulo ndi citetezo

Usodzi m'Zambia umayendetsedwa ndi lamulo la za nsomba la nambala 22 la mu 2011. Caka ciliconse, kuyambira pa 1 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale, boma limaletsa kupha nsomba m'madzi ambiri, kuphatikizapo Lukanga ndi Kafue, kuti nsomba ziswane. Kupha nsomba ndi poizoni, mabomba kapena maneti a udzudzu n'koletsedwa nthawi zonse.

Za cilolezo munthu amafunsa ku ofesi ya Dipatimenti ya Nsomba asananyamuke. Wofuna kuwedza m'paki ya nyama amatenga cilolezo ku Dipatimenti ya Mapaki ndi Nyama Zakuchire.

Awedzi ambiri a masewera amabwezera m'madzi nsomba zazing'ono ndi zimene sakufuna kudya. Kuphwanyiratu kamnga ka kunsonga kwa mbedza ndi pulayala kumathandiza kuti nsomba imasulidwe isanavulale kwambiri. Zidutswa za cingwe siziyenera kutayidwa kudambo, cifukwa nayiloni siiola msanga ndipo imakola mbalame.

Ng'ona ndi mvuu zilipo ku Lukanga ndi mu Kafue. Mwedzi sayenera kuima m'madzi kapena kutumbulira nsomba pamphepete penipeni, ndipo wokwera bwato afunika jekete yoyandamitsa.

Kwa munthu wa ku Kasanda amene ali ndi ndalama zocepa, ndodo ya fibreglass ya mamita 2, kawilo ka spinning ka 2500 kapena 3000, nayiloni ya makilogalamu 5, mbedza za masaizi atatu, ma spinner awiri ndi manati ocepa acitsulo n'zokwanira kuyambira pa damu la Mulungushi kapena ku Lukanga. Zida zina angamaonjezere pambuyo pake, akadziwa bwino madzi amene amapitako ndi nsomba zimene zili mmenemo.