Chitsulo cha M'fupa ndi Zina Zoikidwa M'thupi

Chitsulo chimene madokotala amaika m'fupa lothyoka si chitsulo wamba. M'thupi muli madzi amchere ofunda, moti msomali wokhomera denga ungachite dzimbiri n'kuoletsa mnofu. Choncho chilichonse choikidwa m'thupi chiyenera kusadyeka ndi madziwo, kusayambitsa zotupa, ndiponso kupirira ntchito ya pamalo pamene chaikidwapo.

M'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, ambiri amadziwa nkhaniyi chifukwa cha ngozi za njinga zamoto za kabaza m'misewu yotsetsereka. Fupa la mkono nthawi zambiri limapola ndi chikhakha. La ntchafu ndi lovuta. Wodwala amagona masabata 6 kapena kuposa, mwendo utakokedwa ndi cholemera chopachika kumiyendo kwa bedi, munda uli kudikira. Amene watumizidwa ku Lilongwe, ku chipatala cha Kamuzu Central kapena cha LION, angathe kuikidwa ndodo yachitsulo m'kati mwa fupa, ndipo pakapita masiku ochepa amayamba kuyendera ndodo.

Ndodo zambiri zoikidwa m'fupazi zimakhala za chitsulo chosachita dzimbiri cha mtundu wa 316L. M'chitsulochi amasakanizamo chromium, nickel ndi molybdenum. Chromium amapanga kakhungu kosaoneka ndi maso pamwamba pa chitsulo, ndipo kakakandika kamabwereranso kokha. Bungwe la SIGN, lomwe adayambitsa Dr Lewis Zirkle ku America mu 1999, limapanga ndodo zake ndi chitsulo chosachita dzimbiri, ndipo dokotala angaziike ngakhale mulibe makina a X-ray m'chipinda cha opaleshoni. Kumeneku kudali kuganizira bwino zipatala zathu: chitsulochi n'cholimba ndipo mtengo wake ndi wofikirika.

Titanium ndi wopepuka, wodula, ndipo amawerama pang'ono kuposa chitsulo. Kuwerama kumeneku n'kofunika, chifukwa fupa limalimba posenza katundu. Choikidwacho chikakhala chouma kwambiri chimasenza zonse, fupa n'kuyamba kupyapyala. Mu 1952, Per-Ingvar Brånemark wa ku Sweden adapeza kuti fupa la kalulu lidamerera pa titanium mpaka kukanika kumuchotsa. N'chifukwa chake amagwiritsidwa ntchito pa mano oikirira ndi pa nyonga zopanga, zimene zimayenera kukhala zaka zambiri. Amathandizanso anthu amene thupi lawo limadana ndi nickel.

Pamfundo vuto limakhala kukhukhuzana. John Charnley wa ku England adayamba ndi pulasitiki ya Teflon m'nyonga zopanga, koma pulasitikiyo idaperepeseka m'zaka zochepa, tizidutswa take n'kumatupitsa mnofu. Mu 1962 adasintha n'kutenga pulasitiki yolimba ya polyethylene, imene ikugwirabe ntchito m'nyonga zopanga mpaka lero.

Komabe zoikidwa m'thupi zimene zafala kwambiri m'midzi ya ku Mponela, Madisi ndi Malomo si za m'mafupa ayi, ndi za kulera. Tindodo tiwiri ta Jadelle timene amayi amaikitsa pansi pa khungu la mkono ndi ta silicone, wosankhidwa chifukwa ndi wofewa ndipo amalola mankhwala kutuluka pang'onopang'ono kwa zaka 5. Lupu ili ndi njira yakeyake. Pamene zitsulo zina zimasankhidwa chifukwa sizisungunuka, mkuwa wokulungidwa pa lupu umasankhidwa chifukwa umasungunuka pang'ono kwambiri m'chiberekero, ndipo mkuwa wosungunukawo ndi umene umafooketsa umuna kuti usafike pa dzira.