Kampani ya magetsi ndi munda wa mlimi wa ku Utale

Pa baraji ya Kamuzu ku Liwonde, pomwe mtsinje wa Shire umalekanitsa maboma a Machinga ndi Balaka, pamagwiridwa ntchito imene anthu ambiri odutsa pa mlatho saiganizira. Chingwe choyandama chimatchinga namasupuni ndi udzu wochokera kumtunda, makina n'kumavuula zinyalalazo kuti zikatayidwe kunja kwa mtsinje. Mwini ntchitoyi ndi EGENCO, kampani yopanga magetsi yomwe inayamba mu 2017 boma litagawa ESCOM pawiri. Namasupuni akangodutsa pa Liwonde amakatseka zosefera madzi ku malo opangira magetsi a Nkula, Tedzani ndi Kapichira, makina n'kuima.

Udzu ndi wosavuta, chifukwa umaoneka. Chovuta ndi dothi. Mtsinje wa Rivirivi, wochokera ku Ntcheu n'kudutsa ku Utale m'boma la Balaka, nthawi ya dzinja umayenda wofiira. Kufiirako ndi chonde cha m'minda ya anthu, ndipo ulendo wake umathera m'madamu a magetsi momwe chimasanduka matope. Damu likadzaza matope madzi amachepa, magetsi n'kumazimazima. Magetsi akazima, mabanja a m'tauni amathamangira makala, matumba n'kumachuluka m'mbali mwa msewu, mitengo ya m'mapiri a Machinga n'kumagwa. Mvula ikabwera imapeza nthaka ili pamtetete. Mlimi wataya chonde, kampani yataya ndalama, ndipo chawalanda ndi chimodzi.

Kampani yofuna ndondomeko yoti ipindule kwa zaka zambiri popanda kuwononga malo ndi anthu iyenera kuyambira pamenepa: ipeze chinthu chimene iyo ndi anthu oizungulira amadalira limodzi. Kupereka madesiki kusukulu kapena mabulangete kuchipatala n'kwabwino, koma chaka chimene malonda avuta mphatso zotere ndizo zimayamba kudulidwa. Ndalama yoteteza gombe la Rivirivi si mphatso. Malo ake mu bajeti ndi pamodzi ndi ndalama yokonzera makina.

Ganizo limeneli linayesedwapo. Mgwirizano wa Malawi ndi bungwe la ku America la Millennium Challenge Corporation, womwe unayenda kuyambira 2013 mpaka 2018, unagula makina ovuula udzu ndi ochotsa matope, komanso unapereka ndalama kwa mabungwe ogwira ntchito ndi alimi m'chigwa cha Shire. Koma pulojekiti imatha, pomwe mvula imagwa chaka chilichonse. N'chifukwa chake ntchitoyi imafunika mwini wokhalitsa, ndipo palibe woposa amene amaluza dothi likakokoloka.

Pali nkhani ina imene ine ndimaiona kuti ndi yaikulu: kodi kampani iziwerenga chiyani? Nyengo yodzala mitengo ikafika timamva za mbande masauzande, akuluakulu atajambulitsa ali ndi khasu m'manja. Balaka ndi dera louma komanso lotentha. Mbande yodzalidwa mochedwa, yopanda woitchingira ku mbuzi ndi moto wolusa, sifika Okutobala. Lipoti loona liyenera kunena mitengo imene ili moyo patatha zaka zitatu, zigwembe zimene zatsekedwa, ndi minda imene ili ndi mizere ya akalozera ndi udzu wa vetiva. Nthawi zambiri kusamalira mphukira pa zitsa zakale kumabweza nkhalango msanga kuposa nazale, chifukwa mizu yake inakhazikika kale.

Ndipo wootcha makala asayiwalike. Sadula mtengo chifukwa chodana nawo. Kunyumba kukufunika ufa ndi fizi. Kumuuza kuti asiye popanda kumupezera pogwira n'kutaya mawu. Ndondomeko yogwira mtima imakhala pansi ndi nyakwawa, alangizi ndi makomiti a m'midzi, n'kugwirizana kuti mudzi umene wasunga gombe ndi nkhalango yake ulandira chiyani: ming'oma ya njuchi ndi msika wa uchi wake, mbewu ya nandolo, kapena ndalama zenizeni zolipidwa mitengo ikawerengedwa. Mgwirizanowo ulembedwe, uwerengedwe pabwalo m'Chichewa ndi m'Chiyao, ndipo amayi, omwe ndi amene amayenda mtunda kusaka nkhuni, akhale nawo pokambirana kuyambira tsiku loyamba.