Mphatso Yoyenera Mwini Dimba

Amayi ambiri tikafuna kupatsa munthu mphatso, maganizo athu amathamangira ku chitenje, mbale kapena shuga. Zonsezi nzabwino ndithu. Koma m'mabanja ambiri kuno ku Mitundu ndi ku Nathenje muli munthu amene mtima wake uli kudimba: apongozi amene tambala akamalira ali kale panjira ya kudambo, kapena alamu amene sangadutse pa bedi la mpiru osazulapo udzu. Munthu wotere mukampatsa chitenje adzathokoza, nkuchipinda, nkuchiika m'sutikesi. Ndalama zikuvuta masiku ano, tsono nkoyenera kuti kochepa kamene tatulutsa kakagwire ntchito.

Musanagule kanthu, yambani mwakayendera dimbalo. Musafunse kuti, "Kodi amayi, mukusowa chiyani?" pakuti munthu wamkulu adzangoyankha kuti, "Iyayi mwanawanga, zonse zili bwino." Penyani nokha. Kodi keni yawo ikudontha? Kodi khasu lidatha mpaka kusanduka kambwiri? Kodi mbuzi zikuboola mpanda? Dimba lidzakuuzani zimene mwini wake sanganene.

Kawirikawiri mudzapeza kuti vuto lalikulu ndi madzi. Mitsinje ya Lilongwe ndi Diamphwe imachokera m'mapiri a Dzalanyama, nkhalango imene boma lidaiika m'gulu la zotetezedwa mu 1922. Kuotcha makala kwaipulula kwambiri nkhalangoyi, kotero kuti mu 2015 boma lidatumizako asilikali kukailondera. Mitengo ikachepa kumtunda, madzi a mvula amangothamanga osalowa pansi, ndipo amene amayamba kumva kuwawa ndi mayi wothirira ndiwo mwezi wa Okutobala, chitsime chitatsika. Keni ya malita 10 ikadzaza, madzi okhawo amalemera makilogalamu 10. Taganizani mayi wachikulire atanyamula ziwiri, kutsika nkukwera m'mawa wonse!

Nchifukwa chake keni yabwino ndi mphatso yaulemu, ngakhale sioneka yokongola. Pogula kwa amisiri a zamalata pamsika, thiranimo madzi pomwepo kuti muone ngati sikudontha m'misoko. Onaninso kukamwa kwake: mabowo akhale ang'onoang'ono, poti akulu amakokolola mbewu panazale. Kwa agogo sankhani yocheperapo. Ngati muli ana angapo a bere limodzi, sonkherani mugule pampu yopalasa ndi miyendo, kapena yoyendera dzuwa ngati thumba lilola. Koma muyambe mwafunsa alangizi a zaulimi ngati chitsimecho chili ndi madzi okwanira, kuopa kuti pampu ingakhale chokongoletsa m'nyumba.

Mbewu nazo ndi mphatso yokondweretsa, koma apa mpofunika kusamala. Pa paketi ya tomato, anyezi kapena kabichi werengani tsiku lothera mphamvu, ndipo musagule imene yakhala padzuwa mpaka kufwifwa. Mbewu yosamera imaluzitsa mwini dimba masabata angapo, ndipo nyengo ya mtengo wabwino imampitirira. Musanyoze zathu zomwe: bonongwe, luni, denje ndi therere zimapirira kuposa zachilendo, ndipo kamphale ka njere zosankhidwa bwino kochokera kwanu kadzalandiridwa ndi manja awiri. Mtolo wa mbewu ya mbatata yofiira m'kati, monga Zondeni, Kadyaubwerere kapena Chipika, ndi wamtengo wapatali pakhomo pamene pali ana, chifukwa mbatatayi ili ndi vitamini A wothandiza maso ndi kuteteza thupi. Kholowa wake ndi ndiwo kale.

Za nthochi ndiye ndichenjeze kwambiri. Musatenge ana a nthochi kulikonse chifukwa choti mwapatsidwa ulere. Matenda a chisaka, amene adapulula nthochi ku Thyolo ndi ku Nkhata Bay, amayenda m'mbewu yotereyi, ndipo nsabwe za nthochi zimawafalitsa m'munda monse. Mungathe kuwatengera apongozi tsoka muli ndi mtima wabwino. Funsani ku ofesi ya zaulimi kumene mungapeze mbewu yopanda matenda.

Mbande za mango omezanitsa, mapeyala ndi malalanje muzipereke mvula itakhazikika, mu Disembala kapena Januwale, nyengo imene dziko lonse limabzala mitengo. Kupereka mbande mu Seputembala nkumuonjezera munthu ntchito yothirira pamene madzi akusowa kale.

Nanga amene tilibe ndalama? Ngati muli ndi khola, matumba awiri a manyowa owolerana bwino a mbuzi kapena nkhuku adzakondweretsa mwini dimba kuposa sopo wonunkhira. Akhale owolerana ndithu, pakuti aawisi amatentha mbewu. Abambo akunyumba angathe kusema mpini watsopano, kapena kupita Loweruka lina kukathandiza kufukula chitsime ndi kumanga mpanda. Amayi a m'tauni, amene mumabwera kumudzi pa Khirisimasi mutanyamula buledi ndi shuga, onjezanipo jombo zamphira. Madzi a m'dambo mu Juni amazizira ngati aluma, ndiponso madzi odikha ndiwo mumakhala nkhono za likodzo. Saizi ya phazi mufunse mwakachetechete kwa mdzukulu, kuti eni ake asadziwe.