Kodi mumadziwa? Chikepe amachiwongola ndi waya ndi chidebe cha oyilo

Kodi mumadziwa kuti chikepe cha m'nyumba zosanja chimayenda panjanji? Zingwe zimangochinyamula. Zimene zimachigwira kuti chisapendekeke ndi njanji zachitsulo zoimirira, zooneka ngati chilembo T. Nthawi zambiri njanji imodzi imatalika mamita 5, ndipo amazilumikiza kuyambira pansi mpaka pamwamba. Polumikizira pakangopotoka pang'ono, wokwera amamva chikepe chikugwedezeka tsiku lililonse chikafika pamenepo.

Mabuleki adzidzidzi nawonso amaluma njanji zomwezo. Nzeru imeneyi inatchuka ndi Elisha Otis mu 1854 ku New York: anakwera chikepe anthu akuona, n'kuuza mnzake kuti adule chingwe. Sichinagwe.

Nanga poimika njanjizi, bwanji osangogwiritsa ntchito levulo ya amisiri omanga ija? Pano yokha siikwanira. Levulo yabwino imatha kuphonya ndi theka la milimita pa mita iliyonse. Pakhoma la khitchini palibe angazindikire, koma pa mamita 100 kuphonyako kungafike masentimita 5.

N'chifukwa chake chida chimene amisiri a zikepe amachidalirabe ndi chachikalekale: waya wolendewera. Pamwamba penipeni pa mpata wa chikepe amakhomapo felemu yoyezedwa bwino. Kuchokera pamenepo amatsitsa mawaya opyapyala achitsulo, ofanana ndi a m'piyano, aliyense ali ndi chitsulo cholemera kumapeto. Chitsulocho amachimiza m'chidebe cha oyilo kapena madzi, osagunda pansi kapena m'mbali, kuti wayayo asiye kuyendayenda. Akadekha, mmisiri amayeza mpata wa pakati pa waya ndi njanji pa bulaketi iliyonse yogwira njanjiyo, kenako n'kulowetsa timalata topyapyala kuseri kwa njanji mpaka manambala agwirizane. Palinso geji yoona ngati njanji ziwirizo zatalikirana moyenera ndiponso ngati zikuyang'anizanadi. Ntchito yake ndi yotopetsa, ndipo wothamangira kukaweruka sangaikwanitse.

Koma wayayo ali ndi mdani: mpweya. Mu 1901, pamgodi wa Tamarack ku Michigan, anatsitsa mawaya awiri otalika pafupifupi mamita 1,300. Atayeza anapeza kuti pansi atalikirana kwambiri kusiyana ndi pamwamba. Anthu anaganiza zambiri, koma amene anafufuza anati ndi mpweya woyenda mumgodimo umene unkawakankha.

Leza, chida choyezera ndi kuwala, yafewetsa zinthu. Siipiringizika, ndipo kuitchera sikuchedwa. Komabe kadontho kake kamakula pamtunda wautali, fumbi la simenti limakazimiriritsa, ndipo leza ikagwa pansi imatha kumanama osaonetsa chizindikiro. Wogula azifunsa kuti imaphonya mamilimita angati pa mtunda wotani, ndiponso kuti inayesedwa liti. Mtengo wokha sunena kanthu.

Mumadziwanso kuti nyumba yomwe ikuyezedwayo siikhazikika? Mphepo imaigwedeza, dzuwa likawomba mbali imodzi imapindika pang'ono, ndipo konkire imafupika m'kupita kwa zaka. Choncho m'nyumba zazitali kwambiri amakonda kuyeza usiku kapena m'mamawa, komanso njanji amazigwira ndi zopanira zolola kutsetsereka pang'ono.

Liwiro likakwera, kupotoka kochepa kumamveka kwambiri. Zikepe zothamanga za mu Burj Khalifa ku Dubai zimayenda mamita 10 pa sekondi, pomwe za mu Shanghai Tower zimafika mamita 20.5.