Makina a Pinball ndi Kanema

Kodi pinball ndi njuga kapena ndi maseŵera a luso? Funso limeneli linavuta akuluakulu a ku New York kwa zaka 34.

Pinball ndi bokosi lotsetsereka la miyendo inayi, lovundikiridwa ndi galasi. Munthu aponyamo kandalama, nakoka kachitsulo ka sipuling'i, ndipo kampira kathamanga kugundagunda m'kati. Pali ponse kagundapo, woseŵera alandira mapointi.

Makina oyamba kutchuka anali Baffle Ball, amene David Gottlieb anapanga ku Chicago mu 1931. Masiku amenewo munthu akaponya mpira analibenso chochita koma kungopenya, ndipo ambiri anali kubetcherana ndalama. Chifukwa chake mu 1942 meya wa New York, Fiorello La Guardia, anawaletsa. Apolisi analanda makina zikwizikwi, ena nawaphwanya ndi nyundo.

Mu 1947 kampani ya Gottlieb inatulutsa Humpty Dumpty, makina okhala ndi timikono 6 tobwezera mpira usanagwe m'dzenje. Apa luso linaloŵamo, koma lamulo silinasinthe.

Mbiri ya pinball inakweranso ndi kanema, amene akale anali kumutcha bayisikopo. Mu 1975 kunatuluka filimu ya ku Britain yotchedwa Tommy, yochokera pa nyimbo za gulu la The Who. Nkhani yake ndi ya mnyamata wosaona, wosamva ndi wosalankhula, amene apambana akatswiri onse a pinball. Chaka chomwecho kampani ya Bally inapanga makina otchedwa Wizard!, nijambulapo Roger Daltrey ndi Ann-Margret a m'filimuyo.

Mu 1976 katswiri wina, Roger Sharpe, anaseŵera pamaso pa akhansala a New York. Ananeneratu kumene mpira udzapita, ndipo unapitadi komweko! Lamulo lija linachotsedwa.

Kuyambira pamenepo pinball ndi kanema zakhala ngati chala ndi mkonono. Filimu ya The Addams Family inatuluka mu 1991, ndipo makina ake a 1992, olankhula ndi mawu a Raul Julia ndi Anjelica Huston, anagulidwa oposa 20,000.

Tsono taonani, anzanga: chinthu chimene apolisi anachiphwanya ndi nyundo chinapulumuka chifukwa munthu mmodzi anachiphunzira bwino, natsimikiza luso lake poyera.