KODI KANEMA NAYENSO AMAPHUNZIRIDWA PA YUNIVESITE?

Makolo ambiri a ku Kafue anakula akudziwa kuti nchito yeniyeni ndi ya m'fakitale. Kuyambira mu 1970, pamene fakitale ya feteleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia inatsegulidwa, mwana wanzeru anali kumufunira uinjiniya, kapena malo pa makina oomba nsalu ku Kafue Textiles. Tsono lero mwana akanena kuti afuna kukaphunzira za mafilimu ndi zofalitsa nkhani, atate ake amagwira pakamwa nafunsa kuti: "Ndalama zonsezi zikathere pa kuonerera kanema?"

Funsoli nlomveka, koma tiyeni tiyambe taona zimene amaphunzira kumeneko.

Pa University of Zambia ku Lusaka pali cigawo cophunzitsa zofalitsa nkhani, ndipo maphunziro otere amapezekanso ku Evelyn Hone College ndi ku ZAMCOM. Ophunzira amayamba ndi kulemba nkhani, kugwira kamera, kujambula mau ndi kulumikiza zithunzi. M'mayunivesite ambiri a pa dziko lapansi, akafika m'zaka zomaliza, mphunzitsi amasankha mutu umodzi wapadera woti aufukule mpaka ku mizu. Filimu imodzi amaionerera kangapo, akumaimitsa ndi kufunsa: Ndani walipira kuti ipangidwe? Ndani akulankhula, nanga amene wakhalitsidwa cete ndani? Paja akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Mitu yotere ilipo yambiri m'mbiri yathu. Mu 1948 boma la atsamunda linakhazikitsa Central African Film Unit, imene inali kupanga mafilimu olangiza anthu akuda za ulimi ndi kusunga ndalama. Munthu wakuda anali kuoneka pa nsalu, koma nkhani anali kumulembera ena. Komabe makolo athu sanali kumeza ciliconse. Mai Hortense Powdermaker, amene anacita kafukufuku ku Luanshya mu 1953 ndi 1954, anapeza kuti anthu a m'migodi anali kukonda mafilimu a makaubóyi a ku America, ndipo ngwazi iliyonse ya m'menemo anali kuicha "Jack". Anali kukuwa, kuseka ndi kumasulira zithunzizo monga mwa moyo wao.

Mutu wina ndi wa masiku ano. Rungano Nyoni, wobadwira ku Lusaka ndi kukulira ku Wales, anatulutsa filimu ya I Am Not a Witch mu 2017, yonena za kamtsikana konamiziridwa ufiti, ndipo mu 2018 analandira nayo mphoto ya BAFTA. Mu 2024 filimu yake ina, On Becoming a Guinea Fowl, inamupatsa mphoto ku Cannes. Nkhani yake icitikira pa maliro, pamene banja liyesa kubisa zoipa zimene malemu anacitira atsikana a pa cibale. Ena anakondwa kuti coonadi canenedwa. Ena anadandaula kuti zamseri zathu zayanikidwa pamaso pa alendo. Mkangano woterewu ndiwo cakudya ca m'kalasi.

Nanga za Kafue adzazijambula ndani? Pamene makina a nsalu anazima, mabanja ambiri anasowa pogwira. Amuna ndi akazi amene anagwira nchito usana ndi usiku m'mafakitale aja akukalamba, ndipo aliyense akamwalira, amapita ndi mbiri yake kumanda. Mlendo angabwere ndi kamera masiku awiri, koma mwana wa ku Kafue Estates kapena ku Zambia Compound ndiye adziwa khomo logogoda ndi funso lofunsa.

Kunena zoona, nchito zolembedwa m'gawo limeneli nzocepa, ndipo ambiri amadzipezera okha zocita. Cifukwa cake inu makolo, mwana akabwera ndi pempholi, khalani naye pansi. Mufunseni sukulu imene wasankha, ngati ndi yovomerezeka ndi Higher Education Authority, ndiponso ngati ili ndi makamera ogwira nchito. Pomaliza mufunseni nkhani imene afuna kudzauza dziko. Akakhala nayo, musamutsekereze.