Boma Lomwe Linakana Ndalama Zake

M'mphepete mwa mtsinje wa Liffey ku Dublin, pamalo otchedwa North Wall Quay, panaima chigoba cha nyumba kwa zaka zingapo: nsanamira za simenti, nsanjika zopanda makoma, mvula ikungolowa mbali ino n'kutulukira mbali inayo. Nyumbayo inkayenera kukhala likulu la Anglo Irish Bank, koma bankiyo inagwa amisiri asanaike mawindo. Amene anadzaimaliza n'kulowamo mu 2017 ndi Central Bank of Ireland, banki yaikulu ya boma, yomwe ntchito yake inali kuletsa Anglo kuchita zomwe inachitazo. Mlonda analowa m'nyumba ya munthu amene analephera kumulondera.

Anglo inkakongola ndalama kunja n'kumazibwereketsa kwa anthu ochepa omanga nyumba ndi mahotela. Mitengo ya malo ikamakwera, aliyense ankaoneka wanzeru. Mu September 2008 mabanki a ku America atayamba kugwa, akunja aja analeka kukongoza, ndipo ku Anglo ndalama zinayamba kutuluka ngati madzi a m'dengu. Usiku wa pa 29 September akuluakulu a mabanki awiri aakulu, AIB ndi Bank of Ireland, anakakumana ndi nduna yaikulu Brian Cowen ndi nduna ya zachuma Brian Lenihan. Pofika m'mawa boma linali litalonjeza kuti liimirira ngongole za mabanki asanu ndi imodzi, ndalama zoposa kawiri chuma chomwe dziko lonselo limapanga pachaka. Aphungu anakambirana nkhaniyi lonjezo litaperekedwa kale.

Ku banki m'khonde, mayi akalephera kubweza ngongole anzake amapita kukatenga mbuzi, ndipo nkhani imathera pomwepo. Banki yaikulu ndi ina. M'menemo ndi momwe mumadutsa malipiro a aphunzitsi, ndalama za mashopu ndi zapenshoni, choncho ikagwa imagwetsa onse. Eni ake amadziwa zimenezi. Zinthu zikamayenda, phindu ndi lawo. Zikavuta, amakagogoda ku boma usiku, ndipo boma limatsegula. Kupulumutsa mabanki kunadyera anthu a ku Ireland ndalama zokwana €64 biliyoni, ndipo pafupifupi €30 biliyoni mwa izo zinamezedwa ndi Anglo yokha. Mu November 2010 boma lenilenilo linakagwada kwa IMF ndi European Union. Malipiro a ogwira ntchito m'boma anadulidwa, misonkho yatsopano inabwera, achinyamata anakwera ndege kupita ku Australia ndi ku Canada. Timati nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu, koma ku Dublin zinatembenuka: anadya ndi akuluakulu, zinapota ana. David Drumm, amene ankayendetsa Anglo, analamulidwa kukhala kundende zaka zisanu ndi chimodzi mu 2018, patatha zaka khumi.

Imeneyo ndi mphamvu ya amene angagwe n'kukugwetsa. Pali inanso, yofatsa kwambiri: mphamvu ya amene angasamuke.

Ireland inali dziko losauka lomwe kwa zaka zambiri linkatumiza ana ake kunja kukasaka ganyu. Pofuna kukopa makampani, mu 1987 boma la Charles Haughey linatsegula dera la mabizinesi a zandalama pa doko lakale la Dublin, ndipo pofika mu 2003 msonkho wa phindu la makampani unatsikira pa 12.5 peresenti. Google inabwera, Facebook inatsatira, ndipo malo omwe kale kunali nyumba zosungiramo katundu wa m'sitima pano ndi magalasi okhaokha. Tisanamizane, ntchito zinabweradi ndipo anthu ambiri anatukuka nazo. Koma makampani ena sankalipira ngakhale 12.5 yomweyo. Lamulo linkalola kampani kulembetsa ku Ireland koma n'kumati imayendetsedwera kwina, monga ku Bermuda, komwe msonkho wotere kulibe. Phindu linkangodutsa ku Dublin ngati basi yosaima pa siteji.

Nkhani ya Apple ndiyo inaika zonse pambalambanda. Pa 30 August 2016 Margrethe Vestager wa ku European Commission analengeza kuti makalata awiri omwe ofesi ya misonkho ya Ireland inapatsa Apple, mu 1991 ndi mu 2007, analola kampaniyo kuika phindu lake lambiri la ku Ulaya pa "likulu" lomwe linalibe ofesi kapena wantchito, longopezeka papepala. Malinga ndi Commission, mu 2014 nthambi imodzi ya Apple inalipira 0.005 peresenti. Tiike m'makwacha: pa phindu la K1 miliyoni, msonkho K50. Mayi wogulitsa tomato mumsika wa Limbe amadula tikiti yoposa pamenepo dzuwa lisanakwere. Chigamulo chinali chakuti Apple ibweze €13 biliyoni ku boma la Ireland.

Boma linakana kulandira. Dziko lomwe linali litangochoka kumene m'manja mwa IMF linalemba maloya, n'kuima mbali imodzi ndi Apple kukhoti, kunena kuti ndalamazo si zake ndipo palibe lamulo linaswedwa. Linapambana mu 2020, koma pa 10 September 2024 khoti lalikulu la European Union linagamula komaliza kuti ndalamazo ziperekedwe. Munthu angaseke, koma nduna za ku Dublin sizinali zopenga. Bungwe lounika bajeti la Irish Fiscal Advisory Council linapeza kuti pakati pa 2017 ndi 2021 makampani atatu okha ndiwo ankapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a msonkho wonse wa makampani. Amene akukudyetsa choncho safunika kukuopseza, kapena kukupatsa chiphuphu. Umadziopseza wekha.

Wina angafunse kuti za azunguzi zikutikhudza pati. Zikutikhudza mu tiyi. Mu February 2013 bungwe la ActionAid linatulutsa lipoti lonena za Zambia Sugar, kampani ya ku Mazabuka yomwe ili m'gulu la Illovo, lomwe lija la ku Nchalo ndi ku Dwangwa. Lipotilo linati kampaniyo inkatumiza ndalama zambiri chaka ndi chaka kwa kampani inzake ya m'gulu lomwelo yolembetsedwa ku Dublin, ngati malipiro a upangiri ndi kayendetsedwe ka ntchito. Ndalama zotere zimachotsedwa pa phindu msonkho usanawerengedwe, ndipo pangano lomwe Zambia ndi Ireland anasaina mu 1971 linkaletsa Zambia kudulapo kanthu zikamatuluka. Eni kampani, Associated British Foods, anakana kuti anazemba msonkho. Anati unachepa chifukwa cha chipepeso chomwe lamulo la Zambia limapereka kwa amene wakulitsa fakitale. Mwina mbali zonse zinkanena zoona, ndipo vuto lagona pomwepo: zonse zinali zololedwa. Ireland yomweyo inali ikuthandiza Zambia ndi ndalama zachitukuko, dzanja lamanja likupereka, pangano lakale likutsegula chibowo kuthumba.

Zinthu zasinthako, ndipo ndi bwino kuona chimene chinazisintha. Palibe kampani inadzuka m'mawa n'kulapa. Nyumba ya malamulo ya ku America itafunsa akuluakulu a Apple poyera mu 2013, manyazi anafika ku Dublin, ndipo mu 2014 nduna Michael Noonan inalengeza kuti njira ya ku Bermuda ija itsekedwa, ngakhale makampani omwe ankaigwiritsa kale ntchito anapatsidwa mpata mpaka 2020. Zambia ndi Ireland anasaina pangano latsopano mu 2015. Chaka chomwecho Ireland inakhazikitsa lamulo lakuti aliyense wokanyengerera nduna kapena phungu m'malo mwa kampani azilemba m'kaundula amene aliyense angawerenge pa intaneti. Mu October 2021, itakanakana, Ireland inalowa m'mgwirizano wa mayiko oposa 130 woti makampani akuluakulu azilipira 15 peresenti kulikonse komwe ali. Apa mpamene pali mankhwala enieni a mantha aja: kampani singaopseze kuti isamuka ngati kosamukirako mtengo ndi womwewo. Komabe 15 ndi yochepa kwa mayiko ngati athu, omwe msonkho wawo wa makampani uli pa 30 peresenti, ndipo mgwirizanowo unaphikidwa ku OECD, bungwe la mayiko olemera. N'chifukwa chake mayiko a mu Africa, Nigeria ili patsogolo, anapititsa nkhaniyi ku United Nations, komwe mu November 2023 mayiko 125 anavomereza kuti malamulo a misonkho ayambe kukambidwa kumeneko.

Kwathu kuno ntchito yoyamba ndi yosasangalatsa: kuvundukula mapepala. Pangano la misonkho pakati pa Malawi ndi Britain linasainidwa mu 1955, dziko lino likadali Nyasaland. Phungu wanu akadzabwera kudzapempha voti, mudzamufunse ngati analiwerengapo.